Choko Chofiira

Ku Ulongwe mvula idayamba Lachiwiri,
lero Loweruka, sinakatebe.
Fulujensiyo waimba foni ali kutsidya kwa Revubwe:
lole yatitimira mpaka m'mimba,
mankhwala anu ali bwino, koma musandidikire.

Ndatseka zenera la farimasiya.
Tatsala ine, mashelefu, ndi choko zitatu m'thumba la gauni.

Bokosi lililonse ndimalipanikiza ndi mafunso
monga amachitira a pachipata ku Kalomwe:
ukatha iwe, agwa ndani?
Agwa usiku uno kapena mwezi ukaoneka?
Uli ndi mbale wokuimirira?

Panado akungoseka,
abale ake ali pa kantini iliyonse.
Chobiriwira.
Mapiritsi oonjezera magazi angapirire sabata ziwiri.
Chachikasu.
Koma mufiriji, momwe jenereta imatsokomolera usiku,
okisitosini watsala timabotolo khumi ndi kamodzi,
mbale wake adatha mu Disembala,
ndipo kuno amayi amachira asanu ndi mmodzi pa tsiku.
Masamu ake ngakhale wogulitsa kachewere pamsewu
angakuuzeni osatulutsa zala m'thumba.
Chofiira.
Choko chathyokera m'manja mwanga.

Chaka chatha sindinkafunsa mafunso amenewa.
Ndinkawerenga mabokosi, kusaina, kupita kunyumba.
Shelefu inali yodzaza ndi mankhwala a chifuwa
tsiku limene Benedita wa ku Tsangano
adataya magazi mpaka milomo kuyera ngati ufa,
ife tikutsekula ndi kutseka firiji yopanda kanthu
ngati mwina kachisanu mupezeka china.
Mwana wake akuyenda tsopano.
Ndimamuona kusikelo, atagwira chala cha bambo ake.

Mzamba Anasitaziya walowa, nsapato zili matope okhaokha.
Tawerama pa kope limodzi.
Ku Domwe ali nato makumi atatu, tikutha mphamvu mu Epulo,
iwo akulira amokisisilini, ife tili naye wambiri.
Mlamu wake ali ndi njinga yamoto
ndipo saopa mvula akamva za mafuta.
Kufikira abwere, akutero, ndisungireni tinayi pambali,
ta mayi amene magazi akana kuima.
Ndatikulunga m'pepala, ndalembapo dzina lake,
ngati kuti dzina lingaletse usiku kutalika.

Madzulo kunabwera a Chimphonda,
a kuthamanga kwa magazi, ochokera kuseri kwa phiri.
Amafuna a miyezi itatu monga kale.
Ndawapatsa a masabata awiri.
Anayang'ana kathumbako, anayang'ana ine:
enawo mukagulitsa kumsika, eti?
Sindinayankhe.
Ndikanawauza bwanji kuti otsalawo ndagawira anthu makumi anayi
amene sanafike, amene sakuwadziwa,
amene mwina pano akuwoloka mtsinje atanyamula nsapato?
Choko sichidziwa kutalika kwa njira yawo.
Ndimadziwa ndine, ndipo ndalembabe.

Amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika.
Ine kukana kwanga n'kugawa pakati,
kuthyola lonjezo ngati piritsi
n'kupereka theka.

Tambala woyamba. Kuchipinda cha amayi wina akubuula.
Timabotolo tatsala tisanu ndi titatu.
Wachiwiri. Tisanu ndi tiwiri.
Ndatsamira firiji, ikunjenjemera kumsana kwanga
ngati nyama yodwala.

Kenaka phokoso kuchipata,
nyali imodzi ikudumpha m'zithaphwi,
munthu wofiira ndi dothi mpaka m'nsidze,
kabokosi kozizira atakamangira kumbuyo ndi kapulana ngati khanda.
Makumi atatu. Palibe kosweka.
Ndawerenga kawiri, Anasitaziya kachitatu.

Ndafufuta chofiira ndi mkono wa gauni,
ndalemba chachikasu.
Gauniyi sidzayeranso, mkazi wanga adasiya kudandaula.

Ndisanakhale pansi, diso lagwera pashelefu ya m'munsi.
Insulini, timabotolo tinayi.
Lolemba ndi tsiku la a shuga.
Ndapisa m'thumba,
ndapeza kachidutswa ka choko chija,
kochepa ngati njere ya nyemba,
kakulembabe.